Laputopu Inafera kwa Asisi

Ine ndinakhalapo pa chibwenzi popanda munthu wodziwa. Amayi sankadziwa, chonsecho timagona chipinda chimodzi. Anzanga a kusukulu sankadziwa. Ngakhale asisi, amene ndinkawauza zonse mpaka za chiphuphu chotuluka pamsana, sindinawauze.

Ndinali nditangomaliza sukulu ndipo ndinkafuna malo ku koleji ya zauphunzitsi. Mafomu ake anali a pa intaneti. Kwathu kulibe kompyuta, ndipo foni yanga ndi ija ya sikirini yong'aluka pakona. Asisi ndi namwino, amachita lendi kanyumba kawo pafupi ndi chipatala. Iwo ndi amene anandiuza kuti ndipite ku shopu yosindikiza mapepala ya kuseri kwa siteji ya basi. Anati kumeneko kuli mnyamata wodziwa ntchito yake, ndikangonena kuti ndine mng'ono wawo andithandiza.

Shopuyo inali kachipinda kopapatiza, kotentha. Makina a fotokope anatenga theka la malo, fani yopanda chotchinga ikuzungulira pamwamba pa shelefu, pansi pali mapepala olakwika okhaokha. Mnyamatayo anali ndi magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Makasitomala onse ankangomuti Wamagalasi.

Ndinanena chimene ndinabwerera. Sanamve. Ndinabwereza, sanamvebe.

"Kodi mawu mwaiwala m'basi?" anandifunsa. "Thamangani, mwina sinanyamuke."

Ndinafuna kulowa pansi. Koma sanaseke monyoza ayi. Anandikokera mpando, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Kachetechete.

Makompyuta a m'shopumo anali ndi anthu, choncho anatulutsa laputopu yakeyake m'kabati. Inali yakuda, yakale, batani limodzi linathothoka, ndipo pachivindikiro panali chipsera cha kandulo. Tinalemba fomu ija mpaka pakati. Mwadzidzidzi sikirini yonse inasanduka yabuluu, panabwera timalemba toyera, kenako inazima n'kuyakanso yokha. Zonse zimene tinalemba zinapita.

Misozi inalengeza. Ndinaganiza kuti ndine ndadina polakwika, ndipo ndinayamba kupepesa.

Iye anandiletsa. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti mkati mwa laputopu muli kakhadi kogwira wayifayi, ndipo kakhadiko kalibe vuto. Chovuta ndi pulogalamu imene imayendetsa kakhadiko, imene amaitcha dilaiva. Anati dilaiva ya m'menemo ndi yolakwika. Ikangolumikizana ndi wayifayi imasokonezeka, n'kugwetsa makina onse. Anadina kabatani kojambulidwa ndege kozimitsira wayifayi, analumikiza chingwe cha intaneti, ndipo tinayambiranso. Ulendo uno sinafe.

Ndinalimba mtima n'kufunsa chifukwa chake sanaikonze. Anati tsiku lonse amakhalira kukonza za anthu ena, yake aikonza mawa.

Nambala yanga anaitenga pa fomu. Ndisanafike n'kunyumba komwe, foni inalira.

"Kachetechete, wayenda bwino? Chichokereni iwe, shopu yadzaza phokoso."

Ndinangouwerenga uthengawo mpaka ndinauloweza. M'mawa mwake unabweranso wina.

"Ena amalankhula tsiku lonse osanena kanthu. Iwe umangoyang'ana pansi, ine n'kumva zonse."

Kodi munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuzidwa kuti kweza mawu akanatani? Kusukulu aphunzitsi ankandidumpha powerenga. Patchuthi achibale ankaiwala kuti ndili m'chipindamo. Apa panali munthu wonena kuti manyazi anga ndi okongola.

Ndinayamba kupeza zifukwa zopitira ku shopu. Lero chithunzi cha pa fomu, mawa kope ya satifiketi. Makasitomala akachepa tinkakhala kuseri kwa makina a fotokope, iye atagwira dzanja langa, zala zake zili zakuda ndi inki. Ankanditcha mtima wake, kuwala kwake, kamphunzitsi kake. Ankati ndikamaseka ndimabisa pakamwa ngati ndaba shuga. Ine ndinkamuti inu, iye n'kumandiseka kuti ndikumukalambitsa.

"Ukamamaliza koleji ndidzakhala ndili ndi shopu yangayanga," anandiuza tsiku lina. "Pachitseko ndidzalemba dzina lako. Sindidzakusiya, Kachetechete. Ukadzamva kuti ndakusiya, udzadziwe kuti ndafa."

Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti zathu zikhale zathu. Anati asisi ndi kasitomala wamkulu, amabweretsa mapepala a kuchipatala, ndipo akamva kuti akuzunguza mutu mng'ono wawo akamuneneza kwa abwana ake, ntchito n'kutha. Anatinso mauthenga ake ndizifufuta ndikawerenga, poti foni imagwa m'manja mwa aliyense. Sizinandivute. Kubisa ndi chinthu chimene ndinkachitha kale.

Akoleji atayankha kuti akufuna nkhani yofotokoza chifukwa chake ndikufuna uphunzitsi, iye anandibwereka laputopu ija. Anandiuza kuti ndisaonetse munthu, komanso ndisalowetsemo pasiwedi ya wayifayi iliyonse.

"Kuona wayifayi ya aneba si vuto," anatero. "Ikhoza kuiona tsiku lonse. Imafa pokhapokha ikalowa, ndipo singalowe pamalo pamene sinapatsidwepo pasiwedi. Kwanu kulibe chimene ikuchidziwa. Ndiikonza ndikapeza mpata."

Ndinkaibisa m'sutikesi pansi pa zovala. Amayi akapita ku ntchito yawo yoyeretsa maofesi, ndinkaitulutsa n'kuiika pabedi. Ndinkatayipa ndi zala ziwiri. Ndikatopa ndinkayatsa wayifayi kuti ndizingoona mayina a maneti a aneba, lililonse lili ndi kaloko pambali. Zinali momwe ananenera. Sinafepo n'kamodzi komwe, mpaka ndinasiya kuzimitsa wayifayiyo.

Kenako asisi anaimba foni. Anati sakupeza bwino, m'mawa akumasanza, komanso ali pa ntchito ya usiku. Anapempha amayi kuti ndikakhale nawo masiku ochepa, ndiziwachapira ndi kuwaphikira. Nthawi yotumiza nkhani ija inali itayandikira, choncho ndinakulunga laputopu m'siketi n'kuiika pansi pa chikwama.

Kanyumba ka asisi ndi chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani. Kuno bedi, uku tebulo, mipando iwiri ndi kafiriji. Yunifolomu yoyera imakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Pamwamba pa firiji pali kabokosi ka wayifayi, timagetsi take tobiriwira tikuphethira.

Masana asisi atagona kuseri kwa katani, ndinatulutsa laputopu mwakachetechete. Ndinatsegula nkhani yanga, ndinawonjezera mzere umodzi. Sikirini inasanduka yabuluu.

Ndinadikira kuti iyakenso. Inayaka, inakhala pang'ono, n'kufanso. Ndinaganiza kuti ndaigunditsa m'basi, ndawononga chinthu cha mwini wake. Ndinamulembera kuti yayamba kufa yokha.

"Uli kuti?" anayankha nthawi yomweyo.

"Kwa asisi."

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Panapita nthawi osayankha. Ndinatsuka mbale, ndinakolopa, ndinabwerera kudzaona.

"Itseke, uibise. Usaitsegulenso kumeneko."

Munalibe Kachetechete mu uthenga umenewo. Munalibe mtima wanga. Ndinakhala pampando ndikuyang'ana timagetsi ta pa firiji tija, mawu ake aja akubwerera okha m'mutu. Imafa pokhapokha ikalowa.

Ndinadzuka monyang'ama n'kuzula kabokosi kaja kukhoma. Timagetsi tinazima. Ndinayatsa laputopu, ndinatayipa dzina langa, ndinatayipa la amayi, ndinatayipa zopanda pake mpaka tsamba linadzaza. Sinafe.

Ndinabwezera kabokosi pamagetsi. Maso anga anali pa kachizindikiro ka pakona pa sikirini. Ndinakaona kakufufuza, kenako n'kudzaza kokha. Sinandifunse pasiwedi. Inangolowa ngati munthu wolowa m'nyumba yoizolowera, ndipo pasanapite nthawi buluu uja anabwera.

Ndinaikulunga m'siketi, ndinaibwezera m'chikwama, chikwamacho n'kukankhira pansi pa bedi. Ndinayesa kudzitonthoza. Mwina ndi iye anabwera kudzawalumikizira kabokosiko. Ndi ntchito yake, eti? Mwina asisi anamuitana kamodzi kuti awaonere chinachake. Nanga bwanji sanandiuzepo? Nanga bwanji akuti ndibise?

Asisi atadzuka ndinawapangira tiyi wopanda mkaka, poti mkaka unkawanyansa masiku amenewo. Anakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi awo ali pafupi ndi chikwama changa. Ndinafunsa ngati zocheza kuti wayifayi anawalumikizira ndani. Anati anyamata a kukampani. Ndinafunsa ngati amapatsako anthu pasiwedi. Anati ngakhale mwana wa alandilodi anachita kugwada koma sanamupatse.

"Bwanji wayamba kufunsa ngati wapolisi? Akutuma amayi?"

Ndinapukusa mutu.

Anandiyang'ana, n'kuyamba kumwetulira m'kapu. Kumwetulira kumeneko ndinali ndisanakuonepo pa nkhope yawo. Anati pali munthu mmodzi yekha amene amaidziwa. Anandikokera pafupi n'kundiuza kuti anafuna kuti ndidzangoona ndekha, koma zawakanika kusunga. Lamlungu akubwera ndi munthu kwa amayi.

"Ukumudziwa," anatero. "Uja ndinakutumizako. Sunaone kuti anakuthandiza ngati m'bale?"

Sindikukumbuka nkhope imene ndinaonetsa. Iwo sanaone kanthu. Anali atatsegula pakamwa ndipo zonse zinkangotuluka, kuti akhala pa chibwenzi kuyambira asanasamukire m'nyumbamo, kuti amawadikira pageti la chipatala akaweruka, kuti ndi munthu wofatsa, wosayendayenda.

"Koma ulesi pa zinthu zake!" anaseka. "Munthu wokonza makompyuta a anthu, yake ikafika muno inkangofa ngati nkhuku ya chitopa. Ndinamunena mpaka anaichotsa. Akuti anapatsa kamwana kena kamasiye kuti kaziphunzirirapo kutayipa. Waona mtima wake?"

"Ndi zabwino, asisi," ndinatero.

Ananditsina tsaya. Anati pa ukwati ndidzagwira maluwa, bola ndisadzabisale kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake asisi atagona, ndinanyamula chikwama n'kupita ku shopu. Atandiona anamaliza msanga za kasitomala amene analipo, anatseka chitseko n'kupachika kachikwangwani koti wapita kokadya. Sanandipatse moni. Anangotambasula dzanja, ine n'kumupatsa laputopu.

Anatenga fulashi m'kabati n'kulowetsa. Ndinaima pambali ndikuona. Anachotsa dilaiva yakale ija, anaika ina imene anali nayo kale m'fulashimo, anazimitsa makina n'kuyatsanso. Inalowa pa wayifayi ya m'shopu ndipo inakhala bwinobwino. Kenako anatsegula pena pake, anadina dzina la neti ya asisi, n'kuifufuta.

Ntchito yonseyo inatha munthu wina amene ankagogoda panja asanatope n'kuchoka. Miyezi yonse ija ya mawa, mawa, mankhwala ake anali m'kabati momwemo.

"Yatha," anatero. "Sidzafanso."

"Munkadziwa kuti ndine mng'ono wawo."

Anavula magalasi n'kupukuta ndi malaya. Anayamba kufotokoza mofatsa, ndi mawu omwe aja ankandiuzira za kakhadi. Anati za iye ndi asisi zinayamba kale ndipo zinali zitazirala. Anati sanakonzekere zoti andikonda, zinangochitika tsiku limene ndinalowa pakhomopo. Anati wakhala akuvutika mumtima, sagona tulo.

"Amene ndimamukonda ndi iwe. Kuja ndi udindo basi."

"Udindo wanji?"

"Sanakuuze? Ndi oyembekezera."

Ndinagwira makina a fotokope. Anali otentha koma sindinachotse dzanja. Kusanza kwa m'mawa kuja, tiyi wopanda mkaka uja, ine ndinkangoti ndi kutopa kwa ntchito ya usiku.

Iye anayandikira. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti mwana wa asisi adzabadwe wopanda bambo. Anandifunsa ngati amayi angapirire, poti kuthamanga kwa magazi kumawavuta chimwalirireni abambo. Anati laputopu ndiitenge ikhale yanga, ndipite nayo ku koleji. Anati palibe chimene chisinthe pakati pathu, tizingosamala kuposa kale. Anandikweza chibwano ndi chala chake cha inki chija.

"Iwe umatha kusunga zinthu, Kachetechete. N'chimene ndinakukondera."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Sanali maso anga, sikunali kuseka kwanga. Anangoyang'ana mtsikana amene mawu ake samveka, n'kudziwa kuti ameneyu sadzanena.

Ndikanakonda ndikanati ndinamumenya mbama, kapena ndinamuponyera laputopu yake. Ayi. Ndinailandira, ndinaiika m'chikwama, ndipo potuluka ndinanena kuti zikomo. Pakamwa panga panangozolowera.

Loweruka ndinabwerera kwathu kukathandiza amayi kukonzekera mlendo. Ndinawapeza atachotsa makatani onse n'kuchapa. Anandituma kukabwereka mipando ndi makapu kwa aneba. Ankakwecha pansi akung'ung'udza nyimbo, chinthu chimene anasiya chaka chimene tinaika abambo. Ankati tsopano m'nyumba muno mulowa munthu wamwamuna woti n'kukonza loko wa chitseko. Anandiuza kuti mawa ndisakhale ngati chithunzi, ndimulankhuleko mlamu wanga.

Ndinapukuta makapu aja imodziimodzi ndikuganiza. Ndikakhala chete, amayi apitiriza kuimba. Asisi avala diresi loyera, mwana abadwa ali ndi bambo. Ine ndipita ku koleji, ndiiwala. Anthu amaiwala, si choncho? Koma ndikanena, ndani andikhulupirire? Mauthenga onse ndinafufuta ndi chala changa chomwe. Laputopu sikufanso. Ndipo akandikhulupirira, adzanditenga ngati ndani, wonamizidwa kapena wakuba? Asisi amene anandilipirira sukulu, amene ankandiluka tsitsi, adzandiyang'ananso kumaso?

Ndinali nditatsala pang'ono kusankha kukhala chete. Kenako foni inanjenjemera m'thumba.

"Kachetechete wanga, mawa uzingomwetulira. Lolemba ubwere ku shopu, ndakusowa."

Chala chinafufuta chokha ndisanaganize. Ndinaima ndi kapu m'manja. Lamlungu adzagwira dzanja la asisi pamaso pa amayi, Lolemba adzagwira langa kuseri kwa makina a fotokope. Ndipo ine ndikapita ku koleji, pakhomo paja padzalowa wina wamanyazi wofuna kulemba fomu. Asisi adzakhala akuchapa matewera, akuuza anthu kuti mwamuna wawo ndi wosayendayenda.

Ndinauza amayi kuti ndaiwala chinthu kwa asisi. Anandikalipira kuti ntchito idakalipo, koma ndinali nditatenga kale chikwama.

M'basi ndinayeserera mawu. Aliwonse ankaoneka olakwika. Pamene ndinkatsika, onse anali atathawa.

Ndinapeza chitseko chili chotsegula. Asisi anayala bulangete patebulo ndipo ankasita. Sinali yunifolomu. Anali malaya achimuna a mizeremizere, amene kolala yake ndinkaidziwa fungo.

"Wabweranso? Amayi akuthamangitsa?" anatero osadzutsa mutu. Anati ndabwera bwino, ndiwathandize kusankha diresi, poti onse ayamba kuwathina.

Ndinatsegula chikwama, ndinavundukula siketi ija, n'kuika laputopu pampando pamene akanaiona.

Anaiyang'ana. Anaona chipsera cha kandulo pachivindikiro. Kumwetulira kunatsala pankhope kanthawi, ngati kwaiwala kuchoka.

"Waitenga kuti imeneyi?"

Ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinanena, chifukwa milomo inagwedezeka. Koma maso anga anali pa zala za kumapazi, ndipo mawu anathera pakhosi.

"Sindikumva," anatero asisi. Simbi anaisiya pamalaya. "Iwe, ndiyang'ane. Kweza mawu."

Fungo la nsalu yopserera linayamba kudzaza m'chipindamo. Palibe anasuntha kuti achotse simbiyo. Dzanja lawo lina linali pamimba.

Ndinadzutsa mutu. Ndinawayang'ana m'maso, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkadziwira kuti ndili nawo.

"Anandipatsa ndi iye, asisi. Munthu amene mukupita naye kwa amayi mawa ndi chibwenzi changa. Kuyambira tsiku limene munandituma ku shopu kuja."